Timapini ta Kamera ndi Kadzidzi wa Mumkuyu

Ndinanyamuka pakhomo Lachinayi nthawi ili hafu faifi m'mawa, nkhuku zisanatsike n'komwe. Katundu yense wa ulendowu anakwanira m'kachitini ka mafuta odzola kamene ndinaika m'thumba la malaya. Munali timabolodi tiwiri tamagetsi, kalikonse kakukula ngati bokosi la machesi, kadiso ka kamera kofanana ndi njere ya nandolo, ndi timapini 16 tondandalikana ngati mano a chipeso. Amayi a Tadala, akazi anga, anandiperekeza mpaka pamsewu atafunda chitenje.

"Mukabweranso ndi timawaya tanuto tosagwira ntchito, mudzagona nato panja," anatero. Mawuwa amandiuza kawirikawiri akuseka, koma tsiku limeneli sanaseke.

Ine ndine mphunzitsi wa sitandade 7, ndipo ndimakhala chikamwini m'mudzi wina kwa Kawinga. Matenda anga ndi kutolera tizipangizo tamagetsi n'kumatilumikiza Loweruka, anzanga ali ku bawo. Kamera imeneyi anandibweretsera mlamu wanga pochokera ku Joni, ili zidutswazidutswa. Kuti igwire ntchito, kapini kalikonse kamayenera kulowa pabowo pake pa bolodi, eyiti mbali iyi, eyiti mbali inayo, n'kukawotcherera ndi kadontho ka mtovu. Lamulo lake ndi limodzi: kadontho kasakhudzane ndi kanzake. Ukatero bolodi lam'mwamba limasomekeka pa linzake ngati pulagi pa soketi, basi kamera yatha. Ntchito ya mphindi makumi awiri. Koma chowotcherera changa chinali chitapsa mu Januwale, choncho kachitinika kanangokhala pamwamba pa kabati miyezi iwiri.

Chimene chinanditulutsa m'bulangeti m'mawa choncho sichinali masewera iyayi. Mu Febuluwale tinaika maliro a mwana wa mlamu wanga wamkazi, amene anapita ndi malungo. Patangotha milungu iwiri, kadzidzi anayamba kulira mumkuyu umene unali pafupi ndi nyumba ya a Esinati, amayi aakulu a akazi anga, amasiye okhala okha. Basitu, mudzi unapeza yankho. Anthu anasiya kukapala moto kwawo, ana anauzidwa kuti asamalandire mtedza wawo, ndipo kawiri konse miyala inagwa padenga pawo. Ine ndinapita pansi pa mkuyupo, ndinatola timibulu ta ubweya ndi mafupa a makoswe timene kadzidzi amasanza, ndinakaonetsa a Makawa, amalume a akazi anga. Iwo ndiye mwinimbumba, ndiponso ndi mlongo wawo weniweni wa a Esinati.

"Aphunzitsi, mafupa alibe dzina," anandiyankha choncho. "Mukuti ndi mbalame wamba, ili ndi ana m'phangamo, ikuwadyetsa makoswe. Chabwino, tionetseni ndi maso Lamlungu tikakhala pansi. Apo ayi, anyamatawa ine sindingathe kuwagwira."

Mwina mukuti bwanji osangojambula ndi foni. Inu, mkamwini akaime pansi pa mkuyu kukada, foni ikuwala m'manja, kudikirira kadzidzi? Kukacha mfiti zikhala ziwiri. Kamera yangayo ndiye inali yoti ndiimangirire panthambi masana, izidzijambulira yokha chinthu chikangodutsa. Ndinali ndi Lachisanu ndi Loweruka. Chotsala chinali timapinito basi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Wa njinga yamoto anandiuza K4,000 mpaka pa Ntaja. Ndinati atsitse, iye anangoloza msewu. Sindinachitenso makani, pakuti mvula ya chaka chino inasiya zigwembe zoti mbuzi ikagweramo muifuna ndi chingwe. Njira yonse dzanja langa lina linali paphewa pake, lina pachifuwa pomwe panali kachitini. Tinafika pa Ntaja kota tu seveni, thalauza langa litafiira ndi fumbi mpaka m'maondo.

Pa Ntaja pali mnyamata wokonza mafoni amene ndinkamudalira. Ndinamupeza akusesa pakhomo pa shopu yake, akuimba muluzu.

"Magetsi anathima dzulo madzulo, aphunzitsi. Mwina abwera cha m'ma thuu."

"Thuu wake wa lero?"

"Aa, zimenezo adziwa ndi Mulungu."

Ndinamwa tiyi wamkaka ndi zitumbuwa ziwiri ndili chiimire, kenaka ndinalowa minibasi ya ku Liwonde imene inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza. Nditangolipira K5,000, anthu anayi amene anali mipando yakutsogolo anatsika mmodzimmodzi n'kukakwera minibasi ina yopanda anthu. Anali odzazitsa chabe. Ndakhala ndikuyenda msewu umenewu zaka khumi, koma amandipusitsabe ngati mwana wa dzulo. Tinakhala pamenepo ola lathunthu, dalaivala akungoliza injini kuti tisataye mtima.

Titadutsa Nsanama ndinachita chinthu chopusa. Ndinatsekula kachitini kuti ndione ngati kadiso sikanasweke ndi mabampu aja. Mayi wina amene anali pambali panga, nkhuku ili pamiyendo, anasuzumira n'kusendera kuwindo.

"Bambo, zimenezo n'zachizungu kapena n'zachikuda?"

Ndinafotokoza. Ndikanadziwa ndikanangoti ndi za wailesi. Nditangotchula kadzidzi, minibasi yonse inasanduka bwalo la milandu. Wina anati kwawo kadzidzi analira Lolemba, Lachitatu kunagwa maliro. Ndinafunsa kuti nanga masiku ena onse amene analira osafa munthu, anawerenga ndani? Bambo wina wa chipewa choluka, amene anali atakumbatira thumba la mpunga, anatembenuka n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Achimwene, mukungotaya ndalama. Kadzidzi wotumidwa saoneka pachithunzi."

"Nanga akaoneka?"

"Ndiye kuti mwajambula wina."

Koma abale! Ndinatseka kachitini kanga, ndinatsekanso pakamwa mpaka pa Liwonde.

Tinafika hafu naini, ndipo ndisanatsike n'komwe ndinamva majenereta akulirira m'magolosale. Kunalibenso magetsi. Ndinayenda mashopu atatu a okonza mafoni. Onse anali atakhala panja akuwothera dzuwa, zowotcherera zawo zili pathebulo zozizira ngati supuni. Wa shopu yachitatu ndiye anandimvera chisoni.

"Ngati zili zachangu pitani ku Ulongwe, mukafunse Che Saidi. Amene uja magetsi alibe nawo ntchito, amatenthetsa chitsulo chake pambaula. Amawotcherera chilichonse, mawailesi, matochi, zidebe."

Ine ndinamva mawailesi ndi matochi. Zidebezo zinalowa khutu ili n'kutulukira linali. Safunsa anadya phula.

Ndinakwera kagalimoto kaja ka anthu asanu ndi awiri kamene timakwera khumi ndi mmodzi, K3,000. Tinawoloka Shire pamlatho, madzi ali tho ndi namasupuni, tinakhotera kumanja kulowa msewu wa ku Mangochi. Ine ndinakhala theka pampando, theka pantchafu ya bambo wina wonenepa amene ankagona n'kumadzidzimuka. Pa Ulongwe tinafika twente tu leveni. Chimanga chatsopano chinali chitayalidwa m'mbali mwa msewu, maungu ali milumilu, ogula ndi ogulitsa akukangana pa sikelo.

Che Saidi sanavute kupeza, ndinangotsatira phokoso la hamala. Anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi kofia, atakhala pansi pa chisakasa. Kumbuyo kwawo kunali mawailesi akale atatu odzaza fumbi. Kutsogolo kwawo, kumanzere, kumanja, ngakhale kudenga, kunali zidebe, ndowa, mapoto ndi makeni othirira m'dimba. Pambaula panali chitsulo chamutu ngati chala chachikulu cha kuphazi. Mtima unandiuza kuti bwerera. Koma ndinaganiza za Lamlungu, ndipo ndinakhala pansi.

Tinalonjerana bwinobwino, iwo m'Chiyao ine m'Chichewa. Ndinatulutsa kabolodi, ndinasomeka ndekha timapini m'mabowo ake, ndinafotokoza pang'onopang'ono ngati ndili m'kalasi. Kadontho apa, kadontho apa, kalikonse pakokha.

"Ndamva, ndamva," anatero akugwedeza mutu. "Mtovu ndaugwira zaka makumi atatu, baba. Inu kapezeni kanthu kodya. Mwini katundu saima pamutu pa fundi, mtovu umachita manyazi."

Ndinayesa kukana, koma anangopinda manja n'kuyang'ana kumsewu. Sakanayamba ine ndili pomwepo. Ndinapita pachiwaya chapafupi, ndinagula tchipisi cha K1,500 ndi kabichi, ndinadya mothamanga mpaka kupsa lilime. Sindinathe mphindi khumi ndi zisanu.

Pobwera ndinawapeza akumwetulira, kabolodi kali pachikhatho, akukapukuta ndi kansalu. Kankanyezimira. Mbali iyi panali mzere umodzi wa mtovu, wosalala, wokwirira timapini tonse eyiti. Mbali inayo chimodzimodzi. Mizere iwiri yokongola ngati ya m'mphepete mwa ndowa yatsopano.

"Onani," anatero monyadira. "Timadontho tanu tija tinkasiya mipata, ndiye ndatseka yonse. Apa ngakhale muthirepo madzi, walahi, sipadontha."

Mayo ine!

"Che Saidi, ndinati chiyani ine? Ndinati kalikonse pakokha! Ichi si chidebe! Magetsi akalowa apa azingoyenda paliponse, kapsa kameneka!"

"Ndiye mumafuna ntchito yosamaliza?"

"Ndimafuna mipatayo! Mipatayo ndiye ntchito yake!"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Munthu wakhala moyo wake wonse akulimbana ndi mipata, lero kubwere wina wa taye wofuna kulipira kuti mipata isiyidwe. Anthu anayamba kusonkhana. Ndinalankhula mawu ena amene sayenera kuuza munthu wamkulu, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Iwo anangotenga chitsulo chija n'kuchibwezera pambaula, akuti asungunule achotse. Ndinalanda kabolodi kanga msangamsanga, chifukwa kutentha kwachiwiri kukanakamaliziratu.

"Basi, musalipire," anatero mofatsa. "Ku Balaka, kuseri kwa depoti, kuli mtsikana dzina lake Agnesi. Tinthu ta nsabwe ngati timeneti amatitha ndi iyeyo. Ali ndi sola."

Ndikudikira galimoto pamsewu, foni inalira. Anali amayi a Tadala, ndipo ankalankhula monong'ona.

"Muli pati?"

"Pa Ulongwe. Ndikupita ku Balaka."

"Ku Balaka? Inu, kuno zinthu sizili bwino. Mwana wa aneba athu, a Dafuleni, wadzuka ndi thupi lotentha, ndiye anyamata asonkhana pamkuyu. Ena atenga nkhwangwa."

"Nanga a Makawa? Anati Lamlungu!"

"Amalume anyamula khasu, apita kudimba."

Foni inaduka, ndipo nditayang'ana inali itazima, moto watha. Ndinaima pamenepo ndi maganizo awiri. Ndibwerere chimanjamanja, ndikaime pamaso pa anyamata a nkhwangwa, ine mkamwini wobwera, ndi kachitini ka mafuta odzola? Kapena ndikamalize, ndifike madzulo ndi chinthu chooneka? Ndinadziuza kuti anyamata a kwathu amakonda phokoso, sangadule mtengo mwinimbumba asanalamule. Ndinasankha Balaka.

Ndinabwerera mpaka pamphambano ya msewu wa ku Mangochi, K3,000 inanso, ndinakwera minibasi ya ku Balaka, K4,000. Imeneyi inanyamuka msanga, ndipo ndinayamba kuthokoza. Ndinafulumira. Tisanafike pa Chiyendausiku injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Mafuta atha. Kondakitala anatsika ndi chigubu cha malita asanu, anaimitsa wa kabaza, anazimiririka. Tinatsala pamsewu dzuwa lili paliwombo, kopanda ngakhale mthunzi wa mtengo, ndipo amene anafikako ku Balaka akudziwa dzuwa lake. Ndinafunsa dalaivala kuti ponyamula anthu sanadziwe kuti thanki ili gwa?

"Geji inafa, bwana. Timangoyendera kumva."

"Ndiye lero simunamve?"

"Mumalongolola kwambiri kumbuyoko."

Ndinatsika n'kumayendayenda m'mbali mwa msewu, kuopa kuti ndingachimwenso kachiwiri tsiku limodzi. Mayi wina anandigawira nzimbe. Ndinatafuna mokwiya, ndikuwerenga mphindi, mpaka zinakwana makumi anayi.

M'tauni ya Balaka tinalowa thuu koloko. Njinga za kabaza zinali mbwee, mabelu ngiringiri mbali zonse. Ndinazungulira kuseri kwa depoti, ndinafunsa kawiri, ndipo anandilozera kakontena kobiriwira kokhala ndi sola padenga. M'katimo munali mayi wachitsikana wovala magalasi, atawerama pa foni yotsekula. Pambali pake panali chowotcherera chowonda ngati bolopeni. Nditachiona ndinatsala pang'ono kugwada.

"Ndinu achemwali a Agnesi?"

"Ndine. Chavuta n'chiyani?"

Ndinaika kabolodi pathebulo. Anakanyamula, anakatembenuza, anavula magalasi, anavalanso. Kenaka anaphulika kuseka mpaka kugwira m'nthiti, n'kuitana mnzake wa saluni kuti adzaone.

"Bambo, mwapita nako kwa wokhoma zidebe?"

"Eya."

"Zoona? Ine ndimangonena mocheza!"

Anasekanso. Ine sindinaseke. Ndinawauza za a Esinati, za mkuyu, za nkhwangwa, zonse mwachidule. Kuseka kunatha. Anakankhira pambali foni imene ankakonza, anatenga yangayo n'kuisomeka kuti ilowe moto, anandipatsa tochi.

"Gwirani apa, muunikire. Ndipo musapume pafupi, mundigwedeza dzanja."

Awa ndiye sanathamangitse mwini katundu. Anasenda waya wakale wa wailesi, anapota timaulusi take ta kopa, anaviika m'mankhwala ena achikasu onga phula. Akagoneka kopayo pamzere wa mtovu n'kukanikiza ndi chowotcherera, mtovu unkasungunuka n'kukwera mu kopamo monga mafuta akwerera m'chingwe cha koloboyi. Akadzadza, ankadula n'kuyambanso. Pang'ono ndi pang'ono timapini tinayamba kutuluka, kamodzikamodzi, kalikonse ndi mpata wake. Thukuta linkanditsikira m'maso koma sindinayerekeze kupukuta.

Pa kapini ka nambala leveni anaima n'kuyamwa mano.

"Madala anu aja anatenthetsa kwambiri. Kanjira ka kopa apa kamatuka."

"Ndiye kafa?"

"Dikirani kaye, musaike maliro munthu akupuma."

Anatenga kawaya kowonda ngati tsitsi, anakagwira ndi kopanira nsidze, analumikiza kapiniko ndi malo ena pa bolodi. Kenaka anatenga mita yoyezera n'kuyamba kugusa timapini tiwiritiwiri. Mita ikalira ndiye kuti tikukhudzanabe. Inalira kawiri, anakonza, anayezanso. Kachitatu inakhala chete kuyambira koyamba mpaka komaliza. Sindinamvepo chete wokoma ngati ameneyo.

Kusonkhanitsa kwenikweniko anandisiyira ndekha. Ndinatsekula kachitseko kakang'ono pa bolodi, ndinalowetsa kalamba kopyapyala ka diso lija, ndinatseka. Ndinalowetsa memori khadi. Ndinayang'anitsitsa kuti timapini tapenyana ndi mabowo a bolodi lachiwiri, ndinakanikiza ndi zala ziwiri mpaka anagwirana. Ndinasomeka kapawabanki kamene a Agnesi anandibwereka. Kanyale kofiira kanayaka. Ndinayatsa foni, ndinailumikiza ndi kamera, ndipo patapita kanthawi panatulukira denga la kontena, kenaka mphuno ya a Agnesi.

"Iii, ndichotseni, sindinadzole!" anakuwa.

Ndinalipira K6,000 mosanyinyirika. Pafoni panali uthenga wa amayi a Tadala wa mawu amodzi okha: "Imbani." Ndinaimba katatu, osalowa. Nthawi inali kota tu folo. Ndinathamangira minibasi ya ku Liwonde osadya kanthu, kamera nditaikulunga m'kampango. M'njira ndinkakonza kale zonse m'mutu: nthambi yoti ndimangirirepo, botolo lapulasitiki loti ndidule likhale denga lake, ndi nkhope ya a Makawa Lamlungu poona kadzidzi ali ndi khoswe kukamwa. Ndinafika mpaka pokonza mawu oti ndidzanene, odzichepetsa koma olasa.

Pa Liwonde tinafika twente tu faifi. Ndinkadutsa pakati pa maminibasi kufunafuna ya ku Ntaja, oitanira akundikoka malaya, pamene ndinaona mayi wokalamba atakhala pamtolo wa katundu pafupi ndi minibasi ya ku Zomba. Pambali pake panali mphasa yopinda, ndowa yodzaza mapoto, ndi khasu lomangidwa ndi luzi. Mpango wa kumutuwo ndinaudziwa ndisanaone nkhope.

"Amayi! Mukutani kuno?"

A Esinati anakweza maso pang'onopang'ono.

"Aa, ndi aphunzitsi. Mwayenda bwanji?"

Ndinanjuta pamaso pawo. Anandifotokozera mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa mchere. Anyamata anayamba kudula mkuyu cha m'ma leveni. Unagwera pa khitchini yawo n'kuiphwanya. M'phanga munali tiana ta kadzidzi titatu, toyera, ndipo anatipha ndi miyala. Pamene ena anayamba kunena za machesi, amayi a Tadala anawalowetsa m'nyumba, anawamangira katundu, anawakweza njinga yamoto. Ankapita kwa mwana wawo wamwamuna amene amalondera ku Zomba.

"Nanga m'phangamo munalibe makoswe?" ndinafunsa.

"Munali. Ambirimbiri, ena osadya n'komwe. Anawayala pabwalo, aliyense anaona."

"Ndiye anati chiyani? Si umboni umenewo?"

"Akuti ndimawasakira ndine."

Ndinakwiya kwambiri, koma woti ndimukwiyire panalibe, kupatula ine ndemwe. Ndinawachonderera kuti tibwerere limodzi, akagone kwathu, Lamlungu ndikalankhula, ndikapita ngakhale kupolisi. Anapukusa mutu.

"Iyayi, bambo. M'mudzi muja ndinabadwiramo, ana asanu ndinaikamo m'manda. Amene ankagwira nkhwangwa lero, awiri ndinawalandira ndine pobadwa. Ndikagonenso bwanji pamenepo?" Kenaka analoza kampango kamene ndinali nditafumbata. "Ndi chimenecho mwachiyendera tsiku lonse?"

Ndinamasula n'kuwaonetsa. Timabolodi tiwiri togwirana, kadiso, kanyale kofiira. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Kamajambuladi?"

"Kamajambula."

Kondakitala wa ku Zomba anayamba kumenya chitseko, akukuwa kuti kwatsala malo amodzi. Ndinawanyamulira mtolo ndi ndowa, ndinakangana naye za mtengo wa katundu mpaka anagonja. A Esinati anaponda phazi limodzi pachitseko, anagwira chitsulo, kenaka anatembenuka n'kukonza mpango wawo.

"Ndijambuleni pompano. Mukawaonetse achimwene anga a Makawa kuti ndachoka pa minibasi, ndalipira ngati munthu wina aliyense. Sindinauluke."

Ndinajambula. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri, timapini tonse 16 tinagwira ntchito yake. Nkhope ikuoneka, khasu likuoneka, ngakhale dothi la kumunda kwawo limene linali likadali kuzidendene.

Minibasi ya ku Ntaja inanyamuka faifi koloko itadutsa, ndipo ulendo uno sindinalankhule ndi munthu. Ndinayenda maboma awiri kufunafuna umboni woti ndikaonetse anthu amene anauona ndi maso awo masana, n'kuukana. A Esinati sankasowa kamera tsiku limenelo. Ankasowa munthu woti akhale pakhonde pawo pamene nkhwangwa zinkabwera, ndipo ine ndinali pa Ulongwe, ndikukalipira nkhalamba ya zidebe.

Ndinafika m'mudzi kutada kale, mwezi uli mbee. Mkuyu unali chigonere pakhitchini paja, ana akusewera panthambi zake, ndipo a Makawa anali atakhala patsinde, khasu lili pakati pa miyendo. Ndinawapatsa foni osawalonjera. Anayang'ana chithunzicho, anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anapukuta galasi ndi chala.

"Anapeza pokhala?" anafunsa.

"Anapeza," ndinatero. "Pakati pa anthu osawadziwa."